Ampu ikuliza mluzu pa Sienta, besi kulibe

Wamagetsi wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Sienta ya kasitomala, wailesi ndi yomwe inabwera nayo kuchokera ku Japan, ndipo wakanitsitsa kuti tisaichotse. Ilibe pobaya RCA (mawaya otengera mawu ku ampu, chokwezera mawu chija), ndiye ndalumikiza high-to-low converter (kachipangizo kotsitsa mphamvu ya mawu kuti alowe mu ampu) pa mawaya a masipika akumbuyo. Ampu ndi ya machanelo 4, awiri akupita kuzitseko, awiri enawo ndawaphatikiza kuti akoke sabu (sipika ya besi) mu buti. Ndikangoponda moto pakumveka mluzu, injini ikakwera nawonso ukukwera. Komanso sabu ikungonjenjemera, besi yeniyeni palibe. Mwiniwake afika 4 koloko.

Mdala wa ku Biwi:
Athi, waya wa negativi wa ampu uja, mwamanga pati?

Wamagetsi wa ku Ndirande:
Pa bawuti ya mpando wakumbuyo, madala.

Mdala wa ku Biwi:
Ndinadziwa. Pamenepo pali penti, nthawi zina ndi dzimbiri lomwe. Mluzuwo ndi wa altaneta, ukulowera pa athi wosagwira bwino. Pezani chitsulo cha bodi, palani ndi sandipepa mpaka chiwale, mumange zolimba. Waya wa athi akhale wonenepa mofanana ndi wamoto, ndipo asapitirire theka la mita. Ngati RCA mwaiyendetsa limodzi ndi waya wochokera ku batire, zilekanitseni, ina kumanzere ina kumanja. Fyuzi ilipo pafupi ndi batire? Ine ndinaonapo kapeti ikufuka utsi chifukwa mnyamata anaiika mu buti.

Mlongo wanu wa ku Mzuzu:
Za besizo, achimwene, musanamasule kalikonse pitani pa balance ya wailesi (yosamutsa mawu kumanzere kapena kumanja) muikankhire mbali imodzi mpaka kumapeto. Besi ikatulukira pamenepo, ndiye kuti pa converter mwatembenuza pozitivi ndi negativi mbali imodzi. Kumanzere kukukankha, kumanja kukukoka, zikakumana mu sabu zikuphana. Mitundu ya mawaya a fakitale imapusitsa. Ine ndimagunditsa kabatire ka 1.5V pa waya wa sipika: pepala la sipikayo likatulukira kunja, waya amene ali kumutu kwa batireyo ndiye pozitivi.

Crossover, yosefa mawu opita ku sipika iliyonse, mwaika bwanji?

Wamagetsi wa ku Ndirande:
Zonse zili pa FULL, osasefa kalikonse, chemwali.

Mlongo wanu wa ku Mzuzu:
Ayi ndithu, muwotcha masipika a eniake. Zitseko ikani pa HPF (yotsekereza besi yakuya), sabu pa LPF (yolola besi yokha), zonse cha pa 80 Hz, kenako muzisuntha pang'onopang'ono mukumvetsera. Gain (yosinthira kukula kwa mawu olowa mu ampu) musaitsegule yonse ngati voliyumu, kwezani wailesi kaye kufika pamene mawu asanayambe kusweka.

Wamagetsi wa ku Ndirande:
Chemwali munalasa, waya wakumanja ndinatembenuza. Besi yabwera moti galasi lakumbuyo likunjenjemera. Fyuzi ili pa batire, madala. Athi ndasamutsa, mluzu watsala pang'ono kwambiri, ndikukanganula kapeti kuti ndichotse RCA pafupi ndi waya wamoto.