Nyenyezi ya nsonga 10 ikukana kulowa pa windo

Wowotcherera wa ku Liwonde: Amisiri anzanga thandizeni, mutu waima. Ndapatsidwa mawindo 6 a mzikiti, mabagla a flat bar, 120 kwa 120. Akomiti abweretsa chithunzi cha nyenyezi zolukanalukana za nsonga 10, akuti zomwezo basi. Yapakati yatuluka bwinobwino, madigiri 36, koma zam'mbali sizikukumana, m'makona mukutsala mipata. Ma flat bar awiri apita kale.

Mdala wa ku Ndirande: Achimwene, pangani ya nsonga 8. Masikweya awiri, imodzi mwaitembenuza madigiri 45, nkhani yatha.

Kalipentala wa ku Mangochi: Vuto si manja anu ayi. Ya 10 siyenda ndi sikweya. Kachigawo kake kobwerezabwereza n'kotalikirapo, mbali ina 1, ina pafupifupi 1.38, ndiye windo ya 120 ikanafuna 165 m'litali. Luso limenelo ku Iran amalitcha girih, tizidutswa ta mitundu isanu ta mbali zofanana kutalika. Onani nyumba yopatulika ya Darb-i Imam mumzinda wa Isfahan ku Iran komweko, ya chaka cha 1453.

Mdala wa ku Ndirande: Isfahan ndi kutali abwana. Ya 8.

Mayi wolemba zikwangwani: Musadulenso chitsulo, yambani ndi pepala ngati a origami, opindapinda mapepala aja. Dulani kalamba ka pepala, mumange mfundo imodzi, mukoke pang'onopang'ono n'kuiphwatalitsa. Pamatuluka makona asanu ofanana, 108 lililonse. Template ndi imeneyo. Koma pepala likakwinyika mwanama nokha.

Wamageti wa ku Kawale: Chenjerani ndi moto. Ine ndinawotcherera geti ya maluwa kuyambira mbali imodzi mpaka kumaliza, m'mawa ndinaipeza yapindika ngati nthochi. Mwini wake anandidula theka la ndalama, mpaka lero tikakumana sitipatsana moni. Gwiritsani timadontho kaye ponseponse. Ndipo muziyeza pakati pa chitsulo, osati m'mphepete, apo ayi mamilimita aziunjikana.

Kalipentala wa ku Mangochi: Mukhozanso kuidulira pa felemu, bola mzere wodulawo udutse pakati penipeni pa nyenyezi. Koma muwaonetse kaye akomiti, angadzakane zitapentedwa kale.

Mdala wa ku Ndirande: Mwazunguliratu. Matailosi a ku Fez, ku Morocco, adzaza ndi ya 8, palibe anadandaula.

Wamageti wa ku Kawale: Kodi flat bar yake ndi ya 20 kapena 25? Ndipo malodi mukugula kuti masiku ano, kuno akungomata osasungunuka.