Kodi mawu oti "mama" anayambira kuti?

Nachisale: Akuluakulu tandithandizeni. Dzulo ndimaonera filimu ya ku China ndiye kamwana kena kanasochera pagulu, kakulira kakuti mama mama, ine kudabwa. Chiswahili amati mama, Chizulu umama, chabwino amenewo ndi abale athu, koma anthu a ku China tinakumana nawo kuti? Ndani anabera mnzake apa, ndipo amatchula chimodzimodzi ngati ifeyo?

Mbewe: Palibe anabera mnzake achemwali, mwini wake mawuwo ndi khanda. Tatsekani milomo panopa kenako muitsegule mukutulutsa mawu, chotuluka ndi "ma" kapena "ba", sipafunika mano ngakhale lilime, ndiye mwana akafika miyezi 6 kapena 7 nkuyamba kubwebweta amayambira pompo, ma ma ma, ba ba ba. Katswiri wa zilankhulo Roman Jakobson analemba za nkhaniyi mu 1960, iye ankati mwana akamayamwa kukamwa kumakhala kodzadza ndiye mawu amatulukira m'mphuno, mmm, akangosiya bere ndi ma uja. Sikuti akuitana munthu ayi, ndi ife makolo timathamangira kuti eee wanditchula ine. Nchifukwa chake ngakhale Chiquechua cha ku Peru mayi ndi mama, chonsecho palibe ubale uliwonse ndi Chitchaina.

Gogo Phiri: Koma sikonse mwana wanga. Ku Georgia, dziko lija loyandikana ndi Russia, mama ndi bambo, mayi amati deda. Kumeneko zikuoneka kuti abambo ndi amene anafulumira kuyankha kkkk

Chikondi_wa_Yao: Pa katchulidwe paja musamale. Mu Chimandarin, Chitchaina chimene ambiri amayankhula ku China, "ma" ameneyu ali ndi kamvekedwe kake, ukamukweza mawu osatsitsa ndi mayi, ukatsitsa kenako nkukwezanso watchula hatchi, ukamugwetsa mwamphamvu ngati wakwiya ndiye kukalipira. Zili ngati mtengo womera uja ndi mtengo wogulira zinthu, polemba ndi chimodzimodzi koma khutu limasiyanitsa. Ine nditayamba kuphunzira ndinawauza aphunzitsi kuti hatchi yanga ndi namwino, anaseka mpaka kupukuta misozi.

Nachisale: Iii a Mbewe mwandikhumudwitsatu, ndiye kuti bambo a kwathu ankanena zoona kuti mwana wathu uja amangosewera ndi milomo? Ine ndinaimbira foni mpaka apongozi tsiku limenelo. Sindiwauza zimenezi.