Kit ya ma LED a pa modelo, ndigule kapena ndilumikize ndekha?

wa_archi: Guys ndithandizeni. Ndikupanga modelo ya nyumba ya 1:100 ya ku sukulu, ndikufuna iziyaka mkati. Ndaona pa intaneti kit ya ma LED ang'onoang'ono olumikiza kale mawaya, ili ndi kabokosi ka batire ya CR2032 (kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo) ndi switchi, koma mtengo wake eish komanso kufika kuno imatenga masabata. Ndi yofunika kugula?

okonza_mawailesi: Usataye ndalama mphwanga. Pita kwa okonza mawailesi mumsika ugule ma LED a 3mm ndi ma resistor (tochepetsa magetsi kuti LED isapse), kapena phwasula tochi yakufa. Mwendo wautali ndi plus, waufupi minus, basi palibe zovuta apa.

chemwali_wa_katoni: Achimwene inu mukuiwala scale. Pa 1:100 LED ya 5mm ikuimira babu la hafu mita, ngakhale ya 3mm ndi 30cm, munthu akasuzumira pa zenera aziona chibabu chadzaza balaza lonse. Tima LED tolumikiza kale timeneti, ta saizi yotchedwa 0402, ndi pafupifupi 1mm, mumabisa kuseri kwa siling'i osaoneka. Ndipo kumata waya pa kanthu kotero ndi soldering iron ya mawailesi sizitheka, kamangosowa pa tebulo mukapuma mwamphamvu. Zolumikiza kalezo nzoyenera ndalama yake ndithu

okonza_mawailesi: Pa kukula mwanena zoona chemwali. Koma ka CR2032 ako ndi kamene sindikugwirizana nako. Kali ndi 220mAh yokha ndipo sikatha kutulutsa mphamvu yambiri nthawi imodzi, LED imodzi kapena ziwiri bho, koma ukaika 12 zonse zimangoti phethiphethi ndiye tsiku la presentation aphunzitsi asanafike pa tebulo lako nyumba yazima kale

wa_archi: Ndiye ndiike chani? Ndimaganiza power bank

okonza_mawailesi: Ma power bank ambiri amazima okha akaona kuti chomwe walumikiza chikukoka pang'ono. Tenga mabatire atatu a AA, ndi 4.5V imeneyo. LED yoyera imafuna 3V, yotsala 1.5V, pa 10mA ndiye resistor ya 150 ohm, iliyonse yakeyake, zonse mu parallel, kutanthauza LED iliyonse ndi resistor yake zilumikizidwe pazokha ku plus ndi minus ya mabatire. Ofiira amafuna pafupifupi 2V, uwapatse 270. Ukasakaniza ofiira ndi oyera pa resistor imodzi ofiira okha ndi amene ayake, oyera ziii

mlongo_wa_njanji: Ine ndimapanga timasiteshoni ta sitima, zomwe sanakuuzeni ndi kuwala kodutsa makoma. Katoni yoyera kapena foam board ukayatsa mkati khoma lonse limawala ngati nyali ya pepala, zimanyansa. Pakani penti wakuda mkati kaye kenako woyera pamwamba pake, kapena matani foil. Ndipo mufunse ngati ma LED ali warm white (oyera mwachikasu pang'ono), oyera a buluu aja nyumba imaoneka ngati wodi ya chipatala. Yesani zonse ziyake musanamate denga ndi guluu chonde

chemwali_wa_katoni: Eya ndipo timawaya ta ma LED olumikiza kale aja ndi topyapyala ngati tsitsi, ali ndi vanishi pamwamba, mupale kunsonga apo ayi magetsi sadutsa muziti LED ndi yakufa

wa_archi: Ok ndamva. Ndiitanitsa ma LED olumikiza kale okhawo opanda kabokosi, ma resistor ndi bokosi la AA ndikagula mumsika mawa. Achimwene okonza mawailesi, 150 ikasowa 220 igwira?

okonza_mawailesi: Igwira bwinobwino, kuwala kuchepa pang'ono koma mabatire akhalitsa. Usatsike pansi pa 100.