Pakamwa panakhota atandichotsa chotupa cha kukhutu, ndingawasumire?

Membala wosatchula dzina:
Zikomo a admin pondibisira dzina, chifukwa pagulu pano pali alamu anga komanso anzanga akukwaya. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mchinji, ndimagulitsa zitenje. Ndili mtsikana ndinabooletsa makutu kachiwiri, ndiye khutu lakumanzere linatuluka chotupa cholimba chija amati keloid. Chinayamba ngati nzama, kenako chinakula kutsikira kunsi kwa chibwano. Sichinkapweteka, kungoyabwa kukatentha, koma zaka zonsezi ndakhala ndikumanga duku mophimba khutu ngakhale mu Okutobala. Mng'ono wanga atanena za ukwati wake ndinati nanenso ndikajambulitse zithunzi ngati munthu. Alamu anga, achemwali awo a bambo akunyumba, ndi amene anandiuza za adokotala ena, akuti anathandiza mnzawo. Ndinatenga K450,000 ku banki m'khonde, ina ndinachotsa pa mpamba wa zitenje. Lero alamu omwewo akuuza anthu kuti ndinazifuna ndekha, chonsecho pa ndalama ija ndinawabwereka K30,000 mpaka pano sanabweze, ndipo tikakumana pamaliro amayang'ana kumbali.

Chichitikireni opaleshoniyo mlomo wam'munsi sukuyenda mbali imodzi. Ndikaseka pakamwa pamathawira kumanja. Ndikamamwa tiyi amadontha pachibwano osamva, amandiuza ndi mwana wanga wamng'ono kuti amama pukutani. Khutu lonse lili dzanzi, koma usiku limabaya ngati singano. Kukwaya ndinasiya. Ukwati uja ndinakhala kukhitchini tsiku lonse. Apongozi akuti pali munthu anandiponda, bambo akunyumba akangomwa amati ndawononga ndalama ya feteleza. Adokotala aja poyamba ankati zitha zokha, pano foni sayankha, pa WhatsApp amangowerenga. Chotupanso chayamba kumera pomwe anasoka. Kodi ndingawasumire kuti andipatse chipukuta misozi? Ndiyambire kuti? Chonde musandinyoze, ndalira mokwanira.

Ankolo a pa Kamwendo:
Mayi, pepani ndithu, koma ine sindibisa mawu. Iwalani za khothi. Ine ndinachita ngozi ya minibasi pa msewu wa Lilongwe, mwendo kuthyoka pawiri, ndinayenda zaka zinayi kulondola chipepeso. Lero fayilo yasowa, mawa woweruza ali kumaliro, mkuja loya wa mbali inayo wadwala. Ndalama itatuluka, nditachotsa ya loya ndi ya thiransipoti, yotsala sinakwane ngakhale malata khumi. Khothi ndi la anthu a matumba. Inu wa zitenje mukalimbana ndi dokotala?

Make Tada:
Ayi mwandimvetsa chisoni amwali. Zokhala kukhitchini pa ukwati wa mng'ono wanu zandiliza. Mulungu akukhudzeni.

Namwino wa ku Kasungu:
Pepani kwambiri asisi. Musanafike kwa loya, tiuzeni zitatu izi: opaleshoniyo inachitika liti, inachitikira kuti, ndipo anakupangani ndi ndani, dokotala, kiliniko ofesa kapena wina? Zomwe mukufotokozazi zikufanana ndi kuvulala kwa mtsempha waung'ono umene umadutsa m'mphepete mwa chibwano ndi kuyendetsa mlomo wam'munsi. Dzanzi la khutu ndi mtsempha winanso wapafupi pomwepo. Mtsempha ukangofinyika kapena kukokeka umatha kuchira wokha pa masabata kapena miyezi ingapo. Ukadulidwa umafuna kulumikizidwa, ndipo umamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Pakadutsa chaka kapena chaka ndi theka minofu ya pamenepo imafota, kukonza kumavuta. Ndiye tsiku ndi lofunika kwambiri.

Ankolo a pa Kamwendo:
Anamwino, inu ndi amene mumatchinjirizana. Munaonapo dokotala akuchitira umboni wotsutsa dokotala mnzake? Ine lipoti langa la mwendo ndinalidikira miyezi isanu ndi iwiri.

Mtumiki wa Yehova Wamakamu:
Mlongo, thupi ndi kachisi. Chimene Mulungu anakupatsani munachikaniranji? Amayi amasiku ano mafuta oyeretsa khungu, nsidze zomata, mawa opaleshoni. Lapani kaye, machiritso abwera.

NaPhiri wa ku Mkanda:
Abusa inu, keloid anampatsa ndi Mulungu kapena singano yoboolera makutu? Inu dzino likabowoka simukachotsa? Munthu wapempha kuti musamunyoze, inu ndi ulaliki. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mtumiki wa Yehova Wamakamu:
Dzino ndi matenda. Ichi chinali chofuna kukongola.

NaPhiri wa ku Mkanda:
Ine ndili nacho pachifuwa, chimayabwa mpaka kukanda ndi chipeso. Musamayankhule zomwe simunazisenze. Koma amwali, changachi anandiuza kuchipatala kuti ukangodula chokha chimabwerera, nthawi zina chachikulu kuposa poyamba, n'chifukwa chake amabaya majakisoni pachipsera akatha kudula. Inu anakubayani?

Membala wosatchula dzina:
Zikomo NaPhiri. Jakisoni anandibaya wa dzanzi yekha tsiku lomwelo. Za kubwerera sananene. Anthu akundifunsa ku inbox ngati bambo akunyumba ankadziwa. Ankadziwa, anandiperekeza okha pokwerera galimoto, lero akukana pamaso pa amayi awo. Ndipo kubanki m'khonde chiongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi, amayi a kumeneko anabwera kale kudzaona mashini anga osokera.

Namwino wa ku Kasungu:
Asisi, mwayankha zina koma zanga zija ayi. Liti, kuti, ndani?

Dalaivala wa Sienta:
Alamuwo abweze kaye K30,000 ija, mlandu woyamba ndi umenewo kkkk. Ndipatseni nambala ndikawatengere pakhomo ulere.

Zitsamba Zenizeni:
Mayi musataye nthawi. Tili ndi mafuta otsegula mitsempha yofa komanso tiyi wosungunula zotupa, masiku 14 okha. Timatumiza Mchinji, Kasungu, Chipata. Bwerani ku inbox.

Ankolo a pa Kamwendo:
A admin chotsani uyu. Anthu ngati awa anandidyera ndalama nthawi ya mwendo ija, mafuta ake kununkha ngati dizilo. Koma ndibwerere pa nkhani. Mayi, njira ndi imodzi. Tengani amalume anu ndi ankhoswe, mupite pamene munachitidwa opaleshonipo m'mawa anthu ali pamzere, muvule duku, muyankhule mokweza. Anthu awa amaopa manyazi kuposa woweruza. Tsiku lomwelo akubwezerani ndalama yanu. Ine ndikanadziwa kale sindikanataya zaka zinayi.

Wophunzira Malamulo:
Ankolo, malangizo amenewo angawapweteketse mayiwa. Akakachita phokoso pamalo a eni, iwo ndi amene angatengeredwe kupolisi, ndipo akalandira kandalama n'kusainira kuti nkhani yatha, adzitsekera okha chitseko. Mayi, ndikadali pasukulu, sindine loya, koma izi ndikuzidziwa. Mlandu wa kuvulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina uli ndi malire a zaka zitatu kuno ku Malawi, mukachedwa khothi likhoza kukana kuumva. Chachiwiri, kuvulala pakokha si umboni. Muyenera kuonetsa kuti munthuyo sanagwire ntchito mmene wodziwa ntchitoyo akanagwirira, kapena kuti sanakuchenjezeni za ngozi zodziwika, monga mtsempha ndi kubwerera kwa chotupa. Pamenepa pamafunika lipoti la dokotala wina amene wakuyezani. Ngati mulibe ndalama ya loya pitani ku Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi imeneyo.

Ankolo a pa Kamwendo:
Mwana wasukulu, maliza kaye mayeso. Zam'buku ndi zina, zapansi pano ndi zina. Udzandiuze ukadzakhala pa benchi ya khothi kuyambira 8 koloko mpaka 3 koloko ndi ndodo, osadya, n'kuuzidwa kuti bwerani mwezi wamawa.

Wophunzira Malamulo:
Zomwe munakumana nazo ndi zowawa, sindikutsutsa. Ngati loya wanu anakudyerani mukanakadandaula ku Malawi Law Society. Koma mlandu wanu si wa mayiwa.

Ankolo a pa Kamwendo:
Kukadandaula za loya kwa maloya anzake! Mbuzi kukasuma kwa afisi.

Mayi wa ku Waliranji:
Ine zinandichitikira ndi dzino lakumapeto. Atalichotsa mlomo unachita dzanzi miyezi itatu, ndinkadziluma osamva, nsima kugwa pakamwa pamaso pa alendo. Apongozi anganso ankati ndalodzedwa, anandipititsa kwa asing'anga anditema mphini kumaso, mpaka lero zipsera zilipo. Dzanzilo linatha lokha. Ndiye amwali musalole mphini, makamaka inu thupi lanu limatupa zipsera, mphini iliyonse ikhoza kusanduka chotupa china.

Namwino wa ku Kasungu:
Apa mayi a ku Waliranji anena zoona, mphini ayi ndithu. Asisi, pitani pachipatala cha boma ndi buku lanu la kuchipatala, akuoneni, mupemphe kalata yopita ku Kamuzu Central kwa madokotala a opaleshoni. Zimene apeze alembe m'bukumo, ndi zomwenso zidzakhale umboni. Mufunsenso za mafizo a kumaso. Ndipo ngati diso la mbali imeneyo silikutsekeka bwino, kapena mkono wayamba kulemera, musadikire mawa.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndiwonjezere pa za mwana wa malamuloyo. Madokotala ndi makiliniko ofesa onse, a boma ndi a zipatala zolipira, amalembetsa ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe. Mukhoza kukafunsa ngati munthuyo ali m'kaundula, ndi kulemba kalata ya dandaulo. Iwo amafufuza ndi kulanga, mpaka kulanda chiphaso, koma za chipukuta misozi ndi za kukhothi kapena kugwirizana. Chikakhala chipatala cha boma, yambani ndi ofesi ya ombudsman, wolandira madandaulo a odwala, wa pachipatalapo. M'masiku athu munthu sankadulidwa ndi wina aliyense, lero aliyense wovala chovala choyera ndi adokotala. Dziko lapita.

Ankolo a pa Kamwendo:
Aphunzitsi, kalata yanuyo akaiika mu fayilo, fayilo pa shelefu, shelefu adye chiswe. Ine ndalemba makalata ine.

Make Tada:
Ankolo mwayankha kokwana, apatseni mpata ena. Nkhani ya mwendo wanu taimva chaka chatha pa positi ya feteleza.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, ngakhale ena mwandipweteka. Diso likutsekeka bwinobwino. Pepala ndinasaina koma linali la Chingerezi, anangoti sainani apa, ndipo silinabwere ndi ine. Lisiti sanandipatse, anati buku latha. Ndalama ina ndinapereka pamanja, ina ndinatumiza pa Airtel Money kwa munthu amene anatiperekeza. M'buku la kuchipatala sanalembemo chifukwa ndinaliiwala kunyumba, tinanyamuka usiku kuti tikawoloke m'mawa. Alamu anga ndi amene ankayankhula nawo, ine ndinkangomvera. Dzulo ndawapempha nambala ina ya adokotalawo, andiyankha kuti ndisawalowetse m'mavuto anga.

NaPhiri wa ku Mkanda:
Mukawoloke? Mukawoloke chiyani amwali, Bua kapena boda?

Dalaivala wa Sienta:
Apa ndiye pa Mwami apa. Nkhani yalowa ku Chipata iyi.

Wophunzira Malamulo:
Mayi, ngati zinachitikira ku Zambia ndiye zambiri zomwe tanena pamwambapa zisintha. Medical Council ya kuno ilibe mphamvu pa munthu wogwira ntchito kumeneko, kwawo kuli Health Professions Council of Zambia, ndipo mlandu ungafunike loya wa komweko. Zaka zitatu ndinanena zija ndi lamulo la kuno. Chonde tsimikizani. Pakadali pano musafufute kalikonse mufoni: mauthenga a WhatsApp, uthenga wa Airtel Money, zithunzi zanu zakale chotupa chisanachotsedwe. Jambulani zonse musunge pa foni ina. Kusaina pepala sikupatsa munthu ufulu wokuvulazani mosasamala, makamaka ngati sanakufotokozereni m'chinenero chomwe mumamva. Ngati munadinditsa chiphaso chowolokera paboda, chidindocho chili ndi tsiku, chisungeni.

Ankolo a pa Kamwendo:
Mwaona? Ndinanena ine. Kuno komwe zinandikanika ndili ndi lipoti la apolisi m'manja, nanga kudziko la eni opanda lisiti? Mayi, gwirani alamu anuwo. Iwo ndi amene akudziwa khomo, mwinanso anadyapo yawo pa mutu wanu. Itanani ankhoswe a mbali zonse, nkhani ikambidwe pabwalo, K30,000 ija ikhale poyambira. Ine mlandu wanga ukanapita kwa amfumu bwenzi nditamanga nyumba.

Mtumiki wa Yehova Wamakamu:
Lachisanu tili ndi mapemphero a usiku wonse, mlongo abwere.

Mphunzitsi Wopuma:
Ankolo, amfumu sangalumikize mtsempha. Mapanga awiri avumbwitsa, mayiwa ayambe ndi chipatala.

Ankolo a pa Kamwendo:
Aphunzitsi, ine sindinakane chipatala. Ndikunena za ndalama. Mashini osokera akapita adya chiyani ana?

Namwino wa ku Kasungu:
Asisi, za boda ndi za alamu mukambirana ndi ena. Ine ndikufunsabe chimodzi, ndipo ngati simukufuna kulemba pano ndilembereni ku inbox. Ukwati wa mng'ono wanu uja unali mwezi uti, chaka chiti? Papita miyezi ingati chikhotereni pakamwapo?

Membala wosatchula dzina:
Anamwino ndikulemberani madzulo, foni ili ndi bambo akunyumba masana. Koma ndifunse, ankhoswe ndiyambe ndauza akwathu kapena akuchimuna? Chifukwa akuchimunawo ndi amalume awo a alamu omwewo.