Ndiyambire pati kuphunzitsa za kuphedwa kwa Ayuda?

MphunzitsiWaMbiri: Abale ndithandizeni, sabata yamawa ndikuphunzitsa za Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda ndi boma la Nazi la ku Germany, koma zikundivuta, ana ukawauza kuti Ayuda 6 miliyoni anaphedwa amangolemba m'kope basi, sizikuwakhudza. Ndiyambire pati?

Nachisale: Aphunzitsi musathamangire ku Auschwitz, msasa womwe ankapherako Ayuda, ayi. Yambani 1935 pomwe malamulo a Nuremberg anawalanda Ayuda unzika wa Germany, kenako Novembala 1938 masunagoge akuotchedwa, ana aone kuti chidanichi chinkakula pang'onopang'ono anthu akungoyang'ana.

Mbewe_J: Zoonadi zimenezo. Ine ndimawawerengera zomwe analemba Anne Frank akubisala ku Amsterdam, mtsikana wachiyuda wa msinkhu wawo, kalasi yonse imangoti zii. Koma zithunzi za mitembo samalani nazo, ena zimawapweteka kwambiri.

MphunzitsiWaMbiri: Zikomo kwambiri, ndiyambira 1935.