Ndigulenso njinga ina kapena ndingosiya?

Mphatso: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Papita miyezi itatu chigwereni pa njinga yamoto, fupa la paphewa lalumikizana koma njinga ija nde inatheratu. Ndaona ina ya ABS (mabuleki oletsa tayala kuloka), mtima ukuti ndiigule limodzi ndi jekete ya airbag (ija imafufuma ndi mpweya ukamagwa), koma mayi akunyumba ndi oyembekezera ndipo anena kale kuti ndikangolowa nayo pageti iwo akulongedza. Ndigule kapena basi ndipume?

Dalitso: Tiuzeni kaye munagwa bwanji amwene, chifukwa ABS sithandiza paliponse

Mphatso: Kunkagwa mvula, galimoto inangotulukira kumbali osandiona, ndinafinya buleki yakutsogolo ndi mantha tayala nkuloka, kenako ndinangozipeza ndili pansi

Dalitso: Aaa nde gulani, ABS anaipangira zimenezozo. Sensa ikaona kuti tayala likufuna kuloka imamasula buleki nkugwiranso kambirimbiri pa sekondi imodzi, inu mumangofinya basi. Si zachilendo izi, BMW inayamba kuika pa njinga mu 1988, ndipo ku Ulaya kuyambira 2016 anayamba kukakamiza kuti zatsopano za injini yoposa 125cc zizikhala nayo. Jeketeyo nayonso ndi yeniyeni, ku MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto, sapikisana opanda airbag kuyambira 2018, ndipo imateteza mapewa ndi chifuwa pomwe munathyokapo pomwepo

Tadala: A Dalitso jeketeyo imafika kumiyendo? Nanga ABS imamupatsa maso dalaivala wagalimoto uja? Mukuwerengera zida koma simukuwerengera munthu amene amakhala kunyumba foni ili mmanja akachedwa ndi mphindi 20 zokha

Dalitso: Asisi nde tisiyenso kuwoloka msewu kkkk

Tadala: Wowoloka msewu sathamanga 100

A Gama: Mphatso mwana wanga, ine ndinakwera zaka 19, ndinagwa kawiri koma sikugwako komwe kunandisiyitsa ayi. Nditachira kachiwiri ndinagula njinga yabwino kuposa zonse zomwe ndinakhalapo nazo, koma ndinkayendetsa manja ali gwa, ndikafika pakona maso amathamangira kudzenje mmalo moyang'ana kotulukira, ndipo aliyense wokwera akudziwa kuti njinga imapita komwe ukuyang'ana. Tsiku lina ndinafika kunyumba nkuzindikira kuti ulendo wonse sindinasangalale ngakhale pang'ono, ndimangowerenga magalimoto omwe akanandigunda. Ndinaigulitsa sabata yomweyo, moluza. Nde usanatulutse ndalama bwereka ya mnzako uzungulire pamalo opanda magalimoto, thupi likuuza lokha

Yamikani: Zoona zimenezo akulu. Komanso a Mphatso musaiwale helemeti, ija munagwa nayo ndi yotaya ngakhale kunja ikuoneka bwinobwino, chofewa chamkati chija chikaphwanyika kamodzi sichibwerera. Jekete nayo ikaphulika pamafunika gasi wina, zina zimafunanso kutchaja, sikugula kamodzi nkuiwala. Mukaphatikiza zonsezi ndi matewera akubwerawo mmm

Dalitso: Vuto lake osiya ambiri amabwereranso, chaka chisanathe mumawapeza akusisita njinga za eni ake, nde bola kugula yotetezeka pano kusiyana ndi kudzatola chiphakasa chifukwa cha chilakolako

A Gama: Kusisita ndimasisita mpaka lero, ikadutsa ya masilinda awiri ndimatembenuka ngati andiitana dzina. Koma makiyi sindipempha

Mphatso: Kunena zoona chigwereni sindinakhalepo pa njinga, ngakhale kukwezedwa kumbuyo. Dzulo ina inandidutsa pafupi mtima unagunda ngati ndaba

Tadala: Mwadziyankha nokha achimwene

Dalitso: Ayi sanadziyankhe, miyezi itatu aliyense amatero. Yanga ilipo Loweruka, ili ndi ABS, bwerani muiyese pabwalo

Mphatso: Ndibwera, koma wogulitsa uja ndamuuza kuti asandisungire. A Yamikani helemeti yanu ndi saizi yanji?