Matayala a Hilux yoyenda njira ya ku Makanjira, ndigule ati?

WaUsipa_PaBoma:

Akuluakulu moni nonse, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Hilux ya dabo kabu ya dizilo, ndimakhala pa boma pa Mangochi pompano koma ntchito yake ndi yokatenga usipa ndi utaka wouma ku Makanjira, pena ku Malindi ndi ku Lungwena, nkukasiya ku Limbe. Popita sindipita chabe, ndimanyamula shuga, mafuta ophikira, pena matumba a simenti a anthu amene akumanga kumeneko. Matayala amene ndinaigula nawo ndi 265/65R17 olembedwa H/T (opangidwira pa tala), nde pano awiri akumbuyo asalala zenizeni ndipo limodzi lakutsogolo latupa m'mbali, mvula nayo yayandikira, ndikuopa kuti ndidzagona panjira ndi katundu wa eni.

Ndalama ndili nayo ikukwanira chimodzi mwa izi, anayi atsopano a ku China, kapena awiri okha a dzina ngati Dunlop kapena Bridgestone, kapena anayi a kaunjika amene ndawaona ku Blantyre, mizere yake ikadali yakuya bwinobwino ndipo otsika mtengo kwambiri. Anzanga ena akuti ndigule a M/T, a m'matope aja a zibuma zikuluzikulu kuti ndisamatitimire. Inu amene mumayenda njira imeneyi mukuti bwanji?

Ankolo_Matayala:

Achimwene, choyamba lotupalo lichotseni lero lomwe, musadikire kuti mugule enawo. Kutupa m'mbali ndiye kuti nsalu za mkati zinaduka, mwina munamenya dzenje kapena m'mphepete mwa tala momwe mwadukaduka muja, ndipo pamenepo palibe kumata, olo wina akuuzeni kuti aika chigamba mkati ndi chubu musalole. Limenelo likaphulika muli pa liwiro pakati pa Ulongwe ndi Liwonde, lakutsogolo, mutanyamula, chiwongolero simungachigwire. Ikani sipeya kaye.

Ine ndakhala ndikumasula ndi kumanga matayala kuno kwa nthawi yaitali, ndipo amene amabwera ataonongeka kuchokera njira ya ku Makanjira ambiri samakhala kuti mizere yatha ayi, amakhala ang'ambika m'mbali kapena apsa ndi kutentha chifukwa cha katundu ndi mpweya wochepa. Nde pogula musayambe ndi kuyang'ana zibuma, yambani ndi kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala. 265 ndi kutambalala kwake mu mamilimita, 65 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 65 pa 100 ya kutambalalako, ndiye pafupifupi mamilimita 172, ndipo 17 ndi kukula kwa limu mu mainchesi. Izo ambiri amazidziwa. Chimene anthu amadumpha ndi nambala yotsatira ija, monga 112T kapena 112S. 112 ndiye kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 1,120 likapopedwa mokwanira, 110 ndi 1,060. Chilembocho ndi liwiro, S ndi 180 pa ola, T ndi 190, inu zimenezo sizikukhudzani kwambiri chifukwa simungathamange choncho. Koma nambala ya katunduyo musatsike pa imene inalembedwa pa kapepala kaja kali pa felemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo ngati thumba likulola pezani olembedwa LT kutsogolo kwa saizi, amenewo anapangidwira magalimoto onyamula, mkati mwake ndi olimba ndipo m'mbali amapirira miyala ndi zitsa. Kuipa kwake galimoto imagunda kwambiri ikakhala yopanda katundu komanso amafuna mpweya wochulukirapo kuti anyamule bwino.

Pa nkhani ya mtundu, ine ndinganene A/T basi, aja opangidwira pa tala ndi pa dothi pomwe. Inu ulendo wanu waukulu ndi wa pa tala, kuchoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kudutsa Liwonde, Zomba mpaka Limbe ndi tala yekhayekha, nde M/T pa tala amalira, amamwa dizilo, amatha mosalingana, ndipo mvula ikagwa pa tala mabuleki sagwira bwino ngati A/T. Komanso mbali ya ku nyanja kuno vuto lathu lalikulu ndi mchenga, ndipo mu mchenga M/T amakumba pansi m'malo moyandama pamwamba, galimoto imakhala pamimba msanga.

Pa zitatu mwatchulazo ine ndingatenge anayi atsopano, olo akhale a ku China, bola akhale A/T, nambala ya katundu yolondola komanso opangidwa posachedwa. A ku China si onse ofanana, alipo makampani akuluakulu ngati Linglong ndi Triangle, ndiye alipo ena a maina oti simunawamvepo chibadwire, amenewo asiyeni.

Mai_a_ku_Monkeybay:

Bambo, ine ndilankhulapo za kaunjika zokha chifukwa zimandiwawa mumtima. Galimoto yathu imatenga alendo kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Cape Maclear, pena kukawatenga ku Lilongwe kudzera ku Golomoti, ndipo pa misewu imeneyi ndaonapo matayala ooneka abwinobwino atasupuka chikopa chonse chakunja pa tala masana dzuwa lili pamutu. Mizere yakuya sikutanthauza kuti tayala ndi labwino. Labala imakalamba olo galimoto ingokhala osayenda, imauma nkuyamba timing'alu ting'onoting'ono m'mbali ndi pakati pa mizere, ndiye kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, tala amachita kufewa.

Pa tayala lililonse pali malo olembedwa DOT, tsatirani zilembozo mpaka kumapeto mupeza manambala anayi ali mu kabokosi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Pena amalemba mbali imodzi yokha nde litembenuzeni, ogulitsa asakuthamangitseni. Opanga matayala eni ake amati likadutsa zaka 5 lizionedwa chaka ndi chaka, likafika zaka 10 lichotsedwe olo likuoneka bwanji, ndiye ganizani mukugula la kaunjika loti ladya kale zaka 7 kwinakwake. Ndipo izi muyang'anenso pa atsopano omwe, chifukwa ena amakhalitsa mu shopu.

China chimene anthu sadziwa, matayala ambiri a kaunjika ochokera ku Japan ndi a nyengo yozizira, anapangidwira chipale chofewa. Mudzawazindikira ndi kachizindikiro ka phiri kokhala ndi kanyenyezi ka chisanu mkati, ena amalembedwa STUDLESS, ndipo zibuma zake zimakhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota, mukadina ndi chala labala yake imamveka yofewa. Amaoneka okongola zedi, munthu amati wapeza mwayi, koma pa tala wotentha wa ku Mangochi amasungunuka ngati sopo m'madzi, miyezi yochepa basi asalala, ndipo pa mabuleki galimoto imapita patali isanaime. Kachizindikiro ka phiri kaja kamapezekanso pa ma A/T ena abwino atsopano, nde musangothawa chifukwa cha iko kokha, onani ndi timizere tija komanso kufewa kwa labala.

Inu mumanyamula katundu wa anthu, pena eni katunduwo amakwera nawo. Chonde kaunjika ayi.

Che_Namwera_Boy:

Ankolo mwanena zomveka koma pa M/T sindikugwirizana nanu kwenikweni. Inu mukuganiza za mchenga wa ku nyanja, bwerani kuno kumtunda mu Januwale ndi Febuluwale muone dothi lofiira la njira za ku Katuli, A/T amadzaza matope pakati pa mizere nkukhala ngati osalala, galimoto imangozungulira pamalo amodzi olo mwaika 4x4. Ine pikapu yanga ili pa M/T ndipo nthawi ya mvula ndimalowa m'midzi momwe ena amabwerera panjira. Njira ya ku Makanjira nayo ili ndi malo a matope mitsinje ikasefukira, si mchenga wokhawokha.

Zoti amalira pa tala nzoona, potsika mapiri a ku Chowe kupita pa boma phokoso lake wailesi sumaimva bwino, ndipo mvula ikagwa ndimatsika pang'onopang'ono kwambiri m'makona muja. Dizilo nayenso amapitadi. Koma kwa ine zimenezo ndi bwino kusiyana ndi kulipira anyamata okankha tsiku ndi tsiku.

Komanso achimwene bwanji osakweza saizi pang'ono, muike 265/70R17, galimoto imakwera mmwamba pang'ono mimba siigunda pansi.

Ankolo_Matayala:

Che Namwera, kwa inu M/T ndi oyeneradi, ntchito yanu ndi ya m'midzi ya kumtunda ndipo tala mumamuponda pang'ono. Koma mnzathuyu sabata iliyonse ali pa msewu wa ku Limbe atanyamula, ndipo miyezi ya matope ndi itatu kapena inayi pa chaka, miyezi ina yonseyo ndi fumbi, mchenga, miyala ndi tala wotentha. Ndipo mtsinje ukadzaza pa njira ya ku Makanjira palibe tayala limene lingakuolotseni, mumangodikira madzi aphwe basi.

Za 265/70R17 zimatheka pa ma Hilux ambiri koma dziwani zimene mukugula. Limenelo ndi lalitali ndi mamilimita pafupifupi 27 kuchoka pansi kufika pamwamba, ndiye galimoto imakwera ndi theka la pamenepo, mamilimita 13 okha. Koma sipidomita imayamba kuonetsa liwiro lotsika ndi pafupifupi 3 pa 100 kuyerekeza ndi mmene imaonetsera poyamba, apolisi a kamera sadzamva zoti munasintha matayala. Mphamvu pokwera mtunda mutanyamula imachepa pang'ono, ndipo pena limakhula mkati mukakhota mpaka kumapeto. Ndipo mukasintha ndiye kuti sipeya nayenso asinthe, ndalama ina imeneyo.

Ndibwerere ku zogula awiri okha a dzina, chifukwa poyamba sindinafotokoze. Galimoto ya 4x4 ngati Hilux ikalowa mu 4H kapena 4L, magiya okoka ndi mawilo onse anayi aja, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa pamodzi kuti azizungulira mofanana. Mukaika awiri atsopano a A/T kumbuyo, kutsogolo kuli akale a H/T akutha, kukula kwake sikufanana kwenikweni, mu mchenga wofewa sizioneka chifukwa mawilo amaterera okha, koma pa dothi lolimba magiya a 4x4 amakakamizika ndipo mudzamva kuvuta kutulutsa. Komanso inu oonongeka ndi atatu kale, awiri osalala ndi lotupa lija, nde awiri sakukwanirani olo pang'ono. Wina amene akugula awiri chifukwa enawo akadali abwino, atsopanowo aike kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukaterera pa tala wonyowa galimoto imatembenuka yonse.

Tsopano mpweya, apa ndi pamene matayala ambiri amafera. Gulani kageji kanu koyezera mpweya muzisunga mu galimoto, zomenya tayala ndi phazi kapena ndi sipanala nkumati lili bwino ayi. Yezani mmawa musananyamuke matayala akadali ozizira, ndipo kapepala ka pa chitseko kaja kamaonetsa mpweya woyenera, tsatirani mpweya wa katundu wodzaza pa akumbuyo mukanyamula simenti. Mukayeza masana mutayenda mupeza wakwera, musaphwetse, ndi mmene zimakhalira likatentha. Mukafika pa mchenga wambiri mutha kuphwetsa kufika cha m'ma 1.5 bar kuti tayala litambalale pansi, muziyenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi, koma mukangotuluka popaninso musanathamange, nde kapampu kolumikiza ku batire kaja nkofunika. Tayala lopanda mpweya wokwanira pa tala, mutanyamula, limapindika m'mbali ulendo wonse nkumatentha mkati mpaka nsalu kulekana ndi labala.

Mukamangitsa atsopanowo achite balansi komanso alayinimenti tsiku lomwelo, ndipo makaniko aone ma bolojointi, ma tairodi ndi mashokapu, chifukwa njira imeneyo imamasula zinthu ndipo alayinimenti ikathawa tayala latsopano limadyeka mbali imodzi msangamsanga. Muziwasinthanitsa malo pa makilomita 10,000 aliwonse. Pakati pa mizere pali timizere topingasa totukuka pang'ono, tayala likadyeka kufika pamenepo ndiye kuti kwatsala mamilimita 1.6 okha, koma pa ntchito yanu musadikire kufika pamenepo nthawi ya mvula.

WaUsipa_PaBoma:

Zikomo kwambiri nonse, Ankolo, Mai komanso Che Namwera. Lotupa lija ndachotsa masana ano. Ndaona DOT ya sipeya nde ndi yakale kuposa ena onse, komanso ili ndi timing'alu tija Mai amanena, ndiye pano nkhawa yanga ndi imeneyo. Ndapanga chiganizo cha anayi atsopano a A/T pa saizi yomweyi. Funso lotsala, lakutsogolo limodzi limene likadali labwino lija la H/T ndingalisunge ngati sipeya, kapena ndikongole ndigule lachisanu?

Mai_a_ku_Monkeybay:

Ngati chaka chake sichinapitirire ndipo mulibe chotupa kapena chigamba cha m'mbali, lisungeni, saizi ndi yomweyo ndipo ntchito yake ndi yongokufikitsani pomwe pali omata. Amasule aone mkati kaye asanaliike pansi pa galimoto, ndipo muzilipopa nalonso mukamayeza enawo chifukwa sipeya amaiwalika mpaka tsiku la vuto. Koma kwa njira ya ku Makanjira sipeya mmodzi sakwanira bambo, mukapeza ndalama ya ulendo wotsatira mugule lachisanu la A/T ndi limu yake, la H/T likhale lachiwiri. Tcheni chotsitsira sipeya pansi paja muzichithira oyilo, fumbi la kumeneko limachiumitsa, ndipo mutenge thabwa lochindikala loika pansi pa jeke chifukwa mu mchenga jeke amangolowa pansi galimoto osakwera.